Mwendo Umene Adalonjeza Msundu

Kalekale, njira za m'dambo zisanadziwe nsapato, mnyamata wina wotomera dzina lake Kadzombe adaima pachulu n'kuuza anzake zinthu ziwiri.

"Choyamba," adatero, "Onani wangayo adabadwa akununkhira. Si zodzola ayi, zili m'magazi. Chachiwiri, chilombo mumachiopacho chikadzangoyerekeza kuponda kuno, ndidzachidula mitu yonse inayi ndi dzanja lamanzere, lamanjali ndikusendera mzimbe."

Anzakewo adagwedeza mitu kuvomera, poti mzimbe ankadyawo udali wake.

Kunsi kwa chulucho, kuseri kwa bango, Mwandida, mng'ono wake wa Onani, adali m'matope ofika m'mawondo, akuthyola masamba amene mkulu wakeyo akuti adabadwa nawo. Adangomatula msundu pakatumba, n'kuuponya m'madzi mwamphamvu yopitirira mlandu wa msunduwo.

Masambawo adali a mpungabwi wa kudambo, kachitsamba kosadzitama komera pamene nthaka siuma. Chilimwe chikakula kamafota pamwamba, mizu ili tcheru, mvula ikangogunda kaphukanso. Maluwa ake ndi tinthu tofiirira tosanjikizana kunsonga ngati mikanda. Ukapotokola tsinde lake pakati pa zala umamva ngodya zinayi, ndipo ukafikisa tsamba fungo limakutsata tsiku lonse.

Anthu a m'mudzimo sankaudzolera chikondi chokha. Kumtunda kwa dambo, kuphanga kumene madzi ankachokera, kunkakhala Mitunayi: thupi limodzi, mimba imodzi, mitu inayi. Maso ake adali ofooka ngati a mfuko, koma mphuno zake zinkamva thukuta la munthu kuseri kwa mapiri awiri. Fungo la mpungabwi lokha ndilo silinkalowa m'mphuno zimenezo, ndipo munthu wodzola adali mphepo chabe kwa chilombocho. Choncho lamulo lidali limodzi: usawoloke dambo osadzola, ndipo ukathyolera mnzako usamupatse tsamba lina.

Onani sadapondepo m'matope chibadwire. Amayi awo adanena kale kuti miyendo ngati imeneyo si ya misundu, ndipo ntchitoyo idagwera Mwandida, amene miyendo yake palibe adaipatsa tanthauzo lina. M'mawa uliwonse ankabwera ndi mtolo, Onani n'kudzola, anthu n'kutembenuka. Mwandida akadutsa ankangoti, "Mwana iwe, ukununkha dambo."

Tsono kumtunda, pouma, kunkamera udzu wina wofanana nawo masamba, wotchedwa kanamiza. Tsinde lake n'lobulungira, ndipo fungo lake limatha dzuwa lisanafike pamutu. Tsiku la chimtali cha kutsidya, Mwandida sadapite kudambo. Adakwera kumtunda, adamanga mtolo wa kanamiza, adaupereka kwa Onani ndi manja awiri. Iye mwini adadzola mpungabwi wotsala wa dzulo.

Sadafune zambiri. Ankangofuna kuti masana, gule atakolera, mkulu wake atuluke thukuta ngati munthu, mphuno ya Kadzombe iphunzireko kanthu.

Dzuwa lidafika pamutu, mphepo idatembenukira kumtunda, ndipo ng'oma zidayamba kumveka zochepa poyerekeza ndi mgugu umene unkabwera. Mitunayi idathyola mitengo, idalowa m'bwalo, idadutsa amayi makumi anayi ngati zitsa. Chala chake cha kuphazi chidakhudza nsalu ya Mwandida osaima. Idatola Onani ngati mwanapiye, n'kubwerera.

Ganizo loyamba la Mwandida, ndipo tinene zoona, lidali lakuti: ngakhale chilombo chasankha iyeyo. Lachiwiri lidafika mochedwa pang'ono: wamupereka kwa chilombocho ndi iye mwini.

Kadzombe adathamangira mkondo wake. Atafika m'mbali mwa dambo adayang'ana matope, adayang'ana mkondo, n'kupeza kuti ngwobuntha. Adakhala pamwala kunola. Amayi a Onani adadzigwetsa pakhonde akulira, "Mwa atsikana onse a panyumba pano..." Sadamalize. Atsikana a panyumbapo adali awiri, ndipo Mwandida adawamalizira mumtima.

M'mawa mwake, mame asanaume, adatsikira kudambo yekha. Adadzola mpungabwi weniweni mpaka kuseri kwa makutu, n'kulowa m'matope kuloza kumtunda. Asanapite patali adamva kuluma kwachizolowezi pakatumba. Adatsitsa dzanja.

"Lero usandimatule," lidatero liwu. "Ndili ndi mawu."

"Kodi a Msundu mumayankhula?"

"Ukabwera pakamwa pamakhala podzaza. Ndi mwano kuyankhula ukudya." Msundu udasuntha kuti ukhale bwino. "Dzulo sudabwere kudzathyola. Koma mtolo udapereka."

Mwandida adayang'ana madzi.

"Za mlandu wako si zanga," udatero Msundu. "Mkulu wako ali moyo. Mitu inayi siimvana msanga za amene alume poyamba. Njira ndikuidziwa, ndipo ndikudziwa chimene muzu wa chitsambachi umachita. Koma sindiyenda ulere."

"Ndilibe kanthu. Magazi mumatenga kale osapempha."

"Ndi pomwepo pali nkhani. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudya mwendo wakowu. Sindikunyoza, wandilera, koma uli ngati mpini wa khasu. Ndiye tsiku ndi tsiku ndimaona miyendo ya mkulu wako pamtunda apo, yosalala ngati nthochi yosenda, yosandiyandikira n'komwe. Nanenso ndili ndi mtima, mwanawe. Ukabwera naye, ndidzalawe kamodzi kokha."

"Tengani yonse iwiri," adatero Mwandida.

Adayankha msanga kwambiri moti Msundu womwe udachita manyazi. "Umodzi wakwana. Tsono zula muzu umodzi umange pansonga ya nsalu. Munthu akautafuna mapazi ali m'madzi amasanduka mpungabwi. Kupita n'kosavuta, kubwerera ndiye nkhani. Uyenera kudzamubzala pano anthu akuona, ndipo amene adamulakwira anene mlandu wake mokweza, osachotsera."

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndiye kuti dambo lapindula chitsamba, ine ndaluza mwendo. Tiye. Uziponda pamene pamera mpungabwi pokha, mizu yake imaluka matope. Pamene palibe, pansi palibenso."

Adayenda, adayenda, Msundu uli pakatumba ngati mlendo wolemekezeka, ukuluma pang'ono kuti akhotere kumanzere, kawiri kuti akhotere kumanja. Adadutsa bango locheka, adadutsa gumbwa wobisa thambo, adadutsa zithaphwi zakuda zimene achule okha ankaziyankhulira chapansipansi. Poyenda Mwandida ankaimba:

Matope ndi anga, fungo ndi lake,
Misundu ndi yanga, ulemu ndi wake.
Ndikamtenge ine, ndikamtenge,
Adzamuyamike pobwera.

"Nyimboyi ilibe gawo lina?" udafunsa Msundu ataimba kakhumi.

"Ilibe."

Dzuwa litapendeka adafika paphanga. Madzi a m'dambo lonse ankatuluka m'menemo, kamtsinje kozizira koyenda pakati pa mafupa. Msundu udatsika pakhomo. "Ine ndidikira kuno. M'katimo muli utsi, ndipo khungu langa si la utsi."

Mwandida adayembekeza kupeza mkulu wake akugubuduka m'phulusa. Adamupeza atakhala pachikopa cha kambuku, chisa cha uchi chili pambali, pakuti chilombocho chinkamunenepetsa. Ngakhale m'ndende, Onani adapeza pokhala pofewa. Chokhacho n'chakuti pakakolo pake padali patamangidwa ndi ndevu zazitali za mutu umodzi, mfundo zitatu zolimba ngati luzi lonyowa.

Pamwamba pake mitu inkakangana. Padali mutu wa ndevu, umene unkadzitcha woyamba kubadwa ngakhale yonse idatuluka tsiku limodzi. Padali mutu wa dazi, mutu wa diso limodzi, ndi kamutu kakang'ono kamene kankayankhula komaliza n'kusamvedwa.

"Tagwirizana kuti dzuwa likalowa timugawa panayi," udatero wa ndevu. "Ine monga wamkulu nditenga mbali ya kumutu."

"Dzanja lidamunyamula lili mbali yanga, achimwene," udatero wa dazi.

"Ndidayamba kumununkhiza ndine," udatero wa diso limodzi.

"Zonse zikupita m'mimba imodzi," kadatero kamutu kakang'ono.

"Khala chete iwe. Nkhani si mimba, nkhani ndi ulemu."

Mwandida adakwawa m'mbali mwa kamtsinje mpaka pachikopa. "Achemwali," adanong'ona.

Onani adatembenuka. "Wachedwa," adatero. "Kadzombe ali kuti?"

"Akunola."

Onani sadafunsenso. Koma dzanja limene lidagwira mkono wa Mwandida lidali lozizira, ndipo silidafune kumusiya. Mwandida adayesa mfundo za ndevu zija ndi zala, adayesa ndi mano. Ndevu zikadali pachibwano chamoyo sizimasuka. Adaimirira pakati pa phanga n'kuomba m'manja.

"Odi kuno!"

Mphuno zisanu ndi zitatu zidakoka mpweya mpaka moto udapendama. Sizidamve kanthu.

"Ndani ameneyo? Mawu opanda fungo?"

"Ndine mlendo wochokera kutali. Ndidamva kuti kuno kuli mutu wanzeru pa ndagi, umodzi mwa inayi. Sadandiuze kuti uti."

Mutu uliwonse udadziwa kuti akunena iwo, ndipo udadabwa kuti mbiri yachedwa chotere kufika kutali.

"Wafika, mwana wanga," udatero wa ndevu. "Ndiyamba ndine. Ukalephera udzionetse tikudye. Ndagi!"

"Gize."

"Alendo olemekezeka anayi, nkhokwe imodzi, dziko lonse likunjenjemera."

Iyi idali ndagi yokhayo imene Mitunayi inkaidziwa. Idaipeka yokha, ndipo onse amene adaimvapo adadyedwa asanayankhe, choncho inkatengedwa kuti njovuta kwambiri.

"Ndinu nomwe," adatero Mwandida.

"Alipo wamuuza," udatero wa dazi, ukuyang'ana anzake cham'mbali.

"Tsopano yanga. Ndagi!"

"Gize," idavomera mitu yonse.

"Nyumba ya ngodya zinayi, mapazi m'madzi, chisoti chofiirira. Ukaiponda imakuthokoza."

Mitu idaganiza mpaka utsi udasintha njira. Wa dazi udati ndi ng'ona. Wa diso limodzi udati ndi mvuu yovala. Nanga ikadadziwa bwanji? Chinthu chimene mphuno zake sizidachimvepo, kwa Mitunayi sichidalengedwe.

"Ine yankho ndikulidziwa," udatero wa ndevu. "Ndikungofuna anawa aphunzire kuganiza."

"Nenani, achimwene."

Wa ndevu udatsokomola. "Ndi ine."

"Mwalephera," adatero Mwandida. "Ndibaireni ng'ombe."

Mwana aliyense amadziwa kuti ng'ombe ya pa ndagi imabayidwa ndi pakamwa. Olephera amati tabaya ng'ombe ya kwa uje, wofunsa n'kuchita ngati akutafuna, n'kuulula yankho, ng'ombe ili m'khola mwake ikubzikula. Koma Mitunayi sidakhalepo ndi mnzake wosewera naye amene adakhala moyo mpaka kufika pofotokoza malamulo.

"Ng'ombe tidamaliza chaka chatha," udatero wa dazi mwankhawa. "Tichita manyazi pamaso pa mlendo."

"Amene adati akudziwa ndi achimwene a ndevu," kadatero kamutu kakang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire kadamvedwa.

"Ndevu ali nazo ngati tonde," udatero wa diso limodzi pang'onopang'ono. "Tonde ndi ng'ombe m'pachibale."

"Ana inu, ine ndine wamku..."

Mawuwo sadathe. Pakamwa patatu padatseka pakhosi limodzi, ndipo mutu wa ndevu udagubuduzika pansi, nkhope ikadali ya munthu amene akufuna kupitiriza mfundo. Ndevu zidafewa nthawi yomweyo ngati udzu wovunda. Mwandida adamasula mfundo, adakokera mkulu wake m'kamtsinje, n'kumuyika muzu uja pamlomo.

"Ndidye zamatopezi?" adanong'ona Onani.

"Tafunani, achemwali, kapena mutafunidwe."

Onani adatafuna. Zala za kumapazi zidayera n'kutalika kukhala mizu, miyendo idalumikizana, thupi lidachepa, lidabiriwira, lidatenga ngodya zinayi, ndipo tsitsi lidaphulika timaluwa tofiirira. Mwandida adamuzula m'madzi, n'kuona kuti pa mpungabwi wonse umene adathyolapo, palibe udachita maluwa ochuluka chotere. Adausa moyo, adamusomeka m'duku, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo.

"Tabaya, mlendo," udatero wa dazi. "Tiuze yankho." Palibe adayankha. Mphuno zidatembenukira kuchikopa cha kambuku, zidafufuza, zidafufuzanso. "Mtsikana uja ali kuti?"

"Anali pafupi ndi iwe, kamutu iwe."

"Ine ayi!"

"Ndiwe unkati zonse zikupita m'mimba imodzi. Tsegula pakamwa."

Kamutu kadatsegula pakamwa kuti kadziteteze, ndipo ndiko kadali kutsegula komaliza. Idatsala iwiri. Wa dazi udayang'ana wa diso limodzi, wa diso limodzi udayang'ana wa dazi ndi chimene udali nacho.

"Ukunyambita milomo bwanji?"

"Ndi magazi a mng'ono wathu. Nanga iwe dazi likunyezimira chifukwa chiyani? Munthu wanjala sanyezimira."

Manja a thupi limodzi adagwirana pakhosi, lamanja kumenya lamanzere, miyala ikugwa kudenga. Fumbi litatsika udatsala wa dazi wokha, pakati pa zitsa zitatu. Udapambana mkangano wa zaka mazana, ndipo padalibe wouuza. M'chete m'menemo udamva phazi likuti chubwi panja.

Mitunayi, imene tsopano dzina lidaikulira, idatuluka ikubangula. Fungo sinkalimva, koma makutu idali nawo. Mwandida adathamanga, duku ali chigwirire ndi dzanja limodzi, maso pa timaluwa tofiirira. Apa ponda, apa lumpha, apa khota. Zaka zisanu ndi ziwiri za kunyozedwa zidali m'mapazi mwake, ndipo mapaziwo sadaphonye ngakhale kamodzi. Mpweya wa chilombo udamutentha pamsana. Chikhadabo chidang'amba nsonga ya nsalu yake. Patsogolo padali chithaphwi chachikulu chakuda, chosalala ngati bwalo losesa, chopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Mwandida adachizungulira m'mbali momera mpungabwi, adafika tsidya, n'kuomba m'manja.

"Yankho lija lili kuno, agogo!"

Chilombo chidasankha njira yachidule, monga amachitira akuluakulu osafuna kufunsa. Phazi loyamba lidamira mpaka bondo. Lachiwiri lidapita kukafuna loyamba. Matope adakwera m'chiuno, pachifuwa, mpaka pakhosi, ndipo dazi lidatsala pamwamba ngati dzungu loyandama.

Msundu udatulukira pambali, udakonza kukhosi, n'kuitana abale ake. Adabwera a kumtsinje, a kuchitsime, a kuchikamwini ndi a maliro omwe, madzi mpaka kuda bii. Pamene mthunzi wa bango unkafika tsidya lina, Mitunayi idali chikopa chopanda kanthu, chikuyandama ngati thumba lakutha. Msundu uja udali utatupa ngati mtondo.

"Mwakhuta tsopano," adatero Mwandida. "Za mwendo zija zatha."

"Iyi inali ntchito, mwanawe, si chakudya. Pangano lili pomwepo."

Mwandida adalowa m'mudzi m'mawa akukoka chikopa cha chilombo. Kadzombe adali akadali pamwala paja, mkondo utasanduka singano. Nthungululu zidamveka mpaka kutsidya. Amayi a m'mudzi adanyamula Mwandida m'mwamba, adayala nsalu zawo kuti apondepo, amalume ake a Chikungwa adapha mbuzi imene ankaisungira maliro awo omwe. Amayi ake adamugwira nkhope ndi manja awiri, n'kumuyang'anitsitsa ngati katundu amene wakhala m'nyumba nthawi yaitali osamasulidwa.

"Uli ndi mano abwino, mwana iwe," adatero. Kenaka liwu lidatsika. "Nanga mkulu wako?"

Mwandida adatsegula pakamwa. Adayang'ana nsalu zoyalidwa, mbuzi, maso onse amene kwa nthawi yoyamba adali pa iye. Adasolola chitsamba m'duku.

"Ndabwerako ndi ichi chokha."

Silidali bodza, ndipo ndicho chidaipitsa. Anthu adalira, adati ndi duwa la pamalo pamene Onani adafera, adaliyika mumphika wa madzi pakhonde. Mwandida adadziuza kuti anena mawa. Mawa lake adamupatsa mpando, adamupempha kuti afotokozenso za ndagi, ndipo atsikana adayamba kumanga duku mopendeketsa monga iye. Adadziuzanso kuti mawa.

Tsiku lachitatu adatuluka m'nyumba n'kupeza khamu pakhonde. Adakonza nsalu, adakonza kukhosi kuti ayambe pa mutu wa ndevu paja. Palibe adatembenuka. Onse adali atazungulira mphika.

"Duwa ili, abale! Mudaonapo lotere?"

"Ndi fungo lakelo! Tasunthani ndinunkhizeko."

Mwandida adaima kumbuyo kwawo, pamalo pake pakale, ndipo adatsala pang'ono kuseka. Anthu atabalalika adayandikira. Masamba a m'munsi adali atachita chikasu. Awiri adali atagwa kale. Maluwa a kunsonga adali atazolika ngati munthu wotopa ndi kudikira. Mpungabwi sukhala ndi madzi a mumphika, umafuna matope, ndipo Mwandida ankadziwa bwino kuposa aliyense kuti tsinde likayamba kufewa chotere latsala ndi tsiku limodzi. Adalikhudza, ndipo lidali lozizira, likunjenjemera pang'ono ngakhale kudalibe mphepo.

Adanyamula mphika. "Amayi, tiyeni kudambo. Malume, itanani anthu onse. Ndi ogontha omwe, aime kutsogolo."

Mudzi wonse udaima pamtunda. Mwandida adalowa m'matope, adabzala chitsamba, adatsendera ndi manja. Adaimirira n'kuyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu.

"Ichi ndi achemwali anga. Sadafe. Ndidawasandutsa kuti ndiwabise, ndipo abwerera ndikanena chimene chidachitika. Tsiku la chimtali, masamba adasokonekera."

Chitsamba chidangoti duu. Tsamba lina lidagwa.

"Osachotsera," lidatero liwu kuchokera m'madzi, ndipo amayi angapo adabwerera m'mbuyo.

Mwandida adatsitsa maso mpaka adakumana ndi a amayi ake. "Sadasokonekere. Ndidakwera kumtunda dala, ndidathyola kanamiza, ndidawapatsa ndi manja awiri. Ndinkafuna anunkhe pagulu. Ndidatopa ndi kumva kuti adabadwa akununkhira pamene miyendo yolumidwa ndi yanga. Ndipo masiku atatu awa ndimadziwa mowabwezera. Ndimangofuna mundiyang'ane kaye."

Matope adachita thovu. Tsinde lidakula, ngodya zidasungunuka, masamba adatambasuka kukhala manja, ndipo Onani adaima pamenepo, wowonda, milomo youma, timaluwa tikugwa m'tsitsi, matope mpaka m'mawondo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Amayi adakuwa n'kuthamangira m'madzi ndi nsalu yomwe. Nthungululu zidayamba, koma zidazilala msanga, pakuti anthu sadadziwe ngati wowombolayo ayenera kuvekedwa mkanda kapena kukwapulidwa.

"Ndamva zonse," adatero Onani. "Chitsamba chimamva. Masiku atatu, Mwandida. Mumphika."

"Pepani, achemwali."

"Pepani pambuyo," udatero Msundu, ukutulutsa mutu pakati pawo. "Pali kanthu kanga pano."

A Chikungwa adagwira ndodo yawo. "Kodi mwana iwe, chilipo chinanso?"

"Chilipo, malume. A Msunduwa ndiwo adandilondolera njira, ndiwonso adamaliza chilombo. Malipiro ake ndidalonjeza mwendo wa achemwali. Kulawa kamodzi."

Anthu adang'ung'udza. A Chikungwa adapukusa mutu. "Munthu salonjeza mbuzi ya mnzake, nanji mwendo. Pangano limeneli silingaime pabwalo lililonse."

"Lisiyeni liime, malume," adatero Onani. "Pakadapanda iwowa bwenzi mwendowu uli m'mimba mwa chilombo, ndi unzake womwe." Adatembenukira kwa mng'ono wake. "Udalonjeza uti?"

"Sindidatchule. Ine ndidati atenge yonse iwiri, adakana ndi iwowo."

Onani adamuyang'ana nthawi yaitali, yokwana kuti munthu apite kuchitsime n'kubwerako. Kenaka adakweza nsalu pang'ono, adatulutsa mwendo wamanzere m'matope, adautsuka bwinobwino, n'kuupereka ngati mkazi wopereka madzi kwa mlendo.

"Mboni ndinu nonse," adatero a Chikungwa.

Msundu udayandikira mwaulemu, udasankha malo, udaluma. Kukuwa kwa Onani kudadzutsa akakowa m'madambo atatu. Ana adawerenga mpaka khumi. Msundu udadzimatula wokha, udagwera m'madzi, udayamba kulawalawa, mudzi wonse utatchera khutu.

"Bwanji?" adafunsa a Chikungwa, amene sadathe kudzigwira.

"Pangano latha," udatero Msundu. "Koma kunena zoona, ndi magazi basi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusirira. Amodzimodzi ndi a mng'ono wakeyu, kungoti awa mchere ngwochepa."

Udamira, osatsazika.

Amayi adatambasula dzanja kuti atulutse Onani, koma iye sadasunthe. Adayang'ana timagazi tikutsika pamwendo wake, adayang'ana zitsamba zomuzungulira.

"Ndisonyeze weniweniyo," adauza Mwandida. "Kuyambira lero ndizithyola ndekha. Usaganize kuti ndikukumvera chisoni. Sindikukhulupirira."

Mwandida adathyola tsinde limodzi n'kuliyika pakati pa zala za mkulu wake.

"Potokolani, achemwali. Muwerenge ngodya."